Mbewu ya makumba imakulira m'kamwa

Ntchito yanga ndi yoswetsa mbewu ya nsomba m'madamu kuno ku Nchenachena, m'boma la Rumphi. Alimi anzanga akabwera ndi zidebe kudzagula tiana, ena amandiuza kuti makumba amabereka ana amoyo, poti anaonapo tiana tikutuluka m'kamwa mwa make. Nsomba zobereka choncho zilipodi, monga guppy wa ku South America, amene mazira ake amaswera m'mimba. Koma makumba, chambo ndi mbuna za m'nyanja yathu zimaikira mazira.

Kunja kukayamba kufunda cha mu Seputembala ndi Okutobala, ndimaika yaimuna imodzi pa zazikazi zitatu. Yaimuna imakumba kadzenje konga mbale pansi pa damu, yaikazi n'kuikira pomwepo, kenako n'kutola mazirawo ndi pakamwa. Ikatero yasiya kudya. Imangowatembenuza m'kamwamo kuti madzi abwino aziwapitira, asaole. Pakatha masiku ochepa mazira amaswa, kamwana kalikonse kali ndi kathumba kachikasu pamimba. Chakudya chake n'chomwecho. Make sakapatsa kanthu, amangokabisa. Kathumbako kakaphwa, patatha pafupifupi masabata awiri, amalavula tianato kuti tiyambe kudzidyera, koma tikaopsedwa timathamangira m'kamwa momwemo.

Apa ndiye pagona luso lonse. Chimene chili m'kathumbako chimachokera m'thupi la make asanaikire. Yaikazi yoonda imandipatsa tiana tochepa, tofooka. N'chifukwa chake mu Juni ndi Julayi, kukazizira ndipo nsomba zasiya kuswana, sindigona. Ndimapatula zazikazi, kuzidyetsa madeya osakaniza ndi soya wokazinga, ndi kuthira manyowa a nkhuku m'damu mpaka madzi abiriwire.

Yofungatira ndimaizindikira ndi kukhosi kotupa, ndipo chakudya chikathiridwa imakhalira patali. Pokoka ukonde ndimapita pang'onopang'ono, chifukwa ikadzidzimuka imalavula mazira, n'kuthera m'matope. Chilunguni, nsomba ina ya m'madamu, ndiye ali ndi khalidwe lina. Iye amaikira pansi, yaimuna ndi yaikazi n'kumalondera limodzi, choncho damu lake sindilipondaponda nthawi yoswana.

Asodzi a ku Chiweta ndi ku Mlowe, nkhaniyi ndi yanunso. Chambo chotupa kukhosi chikakodwa mu ukonde, chibwezereni m'madzi msanga. Mukachitengera kumsika mwagulitsa nsomba imodzi, koma mwapha mazana.