Sipika yoitanira mbalame: tigule yotani?

Aphunzitsi anzanga awiri amene amayang'anira makalabu a zachilengedwe andifunsa funso lofanana mwezi uno: "Achimwene, sipika yoitanira mbalame tigule yotani?" Ndati ndiyankhire pano kuti ndisamabwerezebwereze. Nanunso amene munali ana anga mu kalabu muwerenge, poti ena mwa inu nkhaniyi mumaidziwa mbali imodzi yokha.

Sipika yanga yoyamba ndinagula ndi maso. Ndinalowa m'sitolo ina ku Limbe, mnyamata wogulitsa n'kundiyatsira chisipika chachikulu ngati njerwa, nyimbo ikugunda mpaka pamtima. Ndinati basi, iyi ndiye mbalame ya ku Mulanje idzandimva ndili ku Zomba. Tsiku loyamba kuthengo tinabisala bwinobwino pafupi ndi damu la Mulunguzi, ana onse ali zii. Nditangoiyatsa, munatuluka mawu a mzimayi wolankhula Chingerezi, kulengeza nkhalango yonse kuti Bluetooth yalumikizika. Ana anaseka mpaka ena kukhala pansi. Mbalame sitinaione ndi imodzi yomwe.

Koma vuto lenileni silinali mzimayiyo ayi. Amene simunkagona pa phunziro la mafunde a mawu mukukumbuka kuti khutu la munthu limamva kuyambira 20 Hz kufika pa 20,000 Hz. Masipika ambiri a pamsika anawapangira nyimbo zovina, ndiye mphamvu yawo ili ku besi. Pamene timbalame ting'onoting'ono timaimba mawu okwera, tambiri pakati pa 2,000 ndi 8,000 Hz. Pa chisipika changa chija, timba ankamveka ngati munthu akuliza mluzu ali mumgolo. Njiwa ndi akadzidzi akuluakulu ndiwo amalira mawu otsika, osafika 1,000 Hz, ndipo amenewa kasipika kakang'ono kwambiri kamawalephera. Choncho muyambe mwadzifunsa kuti mukufuna mbalame ziti.

Mukapita kukagula musalole wogulitsa akuyesereni ndi nyimbo zake. Muike m'foni mwanu kulira kwa pumbwa, poti pumbwa aliyense amamudziwa, mulize pa sipikayo mutatsinzina. Ngati amene mukumumvayo si pumbwa weniweni, bwezani ndalama m'thumba. Mawu a mbalame ine ndimatenga pa intaneti, pa xeno-canto, malo amene anayamba mu 2005 ndipo anthu a m'maiko osiyanasiyana amaikapo zimene ajambula.

Zina n'zazing'ono koma zimakwiyitsa uli kuthengo. Sipika isakhale yolankhula poiyatsa. Isakhale yodzithimitsa yokha ikangokhala chete kwa mphindi zochepa, chifukwa ntchito imeneyi mbali yaikulu ndi kudikira. Ena mwa masipika a Bluetooth amameza chiyambi cha nyimbo, ndipo kwa mbalame imene kulira kwake n'kwa masekondi awiri, wameza theka. N'chifukwa chake ndimakonda yokhala ndi polowetsa chingwe kapena kakhadi. Batire izitha tsiku lonse, poti mukudziwa nokha mmene magetsi amathimira usiku woti mawa lake muli ndi ulendo. Pa bokosi mukaona palembedwa IPX7, ndiye kuti ikhoza kumira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30 osaonongeka. Pa phiri la Zomba, pamene nkhungu imakunyowetsa mvula isanagwe, zimenezi n'zofunika. Ikhalenso ndi kogwirira kuti muziikoleka pa nthambi, inu n'kukakhala patali, mbalame iziyang'ana sipika osati inu.

Tsopano za kukweza mawu, pamene wogulitsa aliyense amanyadira. Mbalame sibwera chifukwa nyimbo yaikomera. Kawirikawiri yamphongo imabwera itakwiya, poganiza kuti mnzake walowa m'dera lake kudzalanda mkazi ndi chakudya. Imasiya kudya, imasiya chisa, n'kumauluka uku ndi uku kufunafuna mdani amene kulibe. Ndiye ganizirani mdaniyo akamakuwa kuposa mbalame iliyonse imene inaimvapo chibadwire. Pa Zomba pali kambalame kachikasu kotchedwa Yellow-throated Apalis, kamene padziko lonse kamapezeka m'Malawi mokha, m'nkhalango za mapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa, ndipo kali m'gulu la mbalame zimene zili pangozi yakutha. Kotereka n'kosayenera kukazunguza mutu ndi chisipika cha pa ukwati. Sipika yabwino ndi imene imamveka bwino mawu ali otsitsa, osapitirira mmene mwini wake amalirira. Imene ndili nayo pano ndi yaing'ono ngati lalanje.

Koma pali nkhani ina imene anzanga aja sanandifunse, ndipo ndiyo yandilembetsa zonsezi.

Chaka china mu February, mnyamata wa Fomu 2 anandipempha sipika kuti apite nayo kwawo Loweruka ndi Lamlungu, ati akaphunzire mawu a mbalame. Anali mwana wa khutu lakuthwa, woti mbalame ikalira kamodzi waitchula kale. Ndinamupatsa mosangalala. Sabata imeneyo ndinali nditawaphunzitsa kuti ukaliza mawu a kadzidzi wamng'ono uja woyenda ndi masana omwe, timbalame tonse ta pafupi timasonkhana kudzamulalatira kuti achoke.

Lolemba anabweza sipika itapukutidwa bwino, iye akumwetulira.

"Aphunzitsi, zija munanena zija n'zoona. Zinabwera zambirimbiri."

"Unazindikirapo mitundu ingati?"

Anayang'ana pansi. Kenako anandiuza, poti sanali mwana wabodza. Anatchera ulimbo pa nthambi, sipika n'kuikoleka pakati. Anagwira mbalame 14. Kwawo anali atatha masiku akudyera nsima masamba okhaokha, ndipo amayi ake anamuyamikira.

Ndinasowa chonena. Kumukalipira ndikanayambira pati? Inenso ndinakula ndi legeni m'khosi, ndipo February ndimamudziwa. Koma legeni imapha imodzi, zinazo n'kuthawa. Sipika imaitanira tchire lonse pa mtengo umodzi, makolo amene asiya ana m'zisa ali patsogolo. Ku Ulaya lamulo loteteza mbalame la mu 1979 linaletsa kugwira mbalame pogwiritsa ntchito mawu ojambula, ngakhale ku Cyprus otchera maukonde ndi ulimbo amachitabe mobisa. Izi ndinkazidziwa, koma sindinaganizepo kuti amene angabweretse luso limeneli m'mudzi mwa mwanayo ndine, m'dzina la kalabu yoteteza zachilengedwe.

Kuyambira pamenepo sipika situluka m'chikwama changa popanda ine. Ndimaliza kwa theka la mphindi, n'kudikira, ndipo mbalame ikangoyankha ndimathimitsa. Pamene tikudziwa kuti pali chisa sitiliza. Kwa kachikasu kaja sitiliza n'komwe, timangokhala pansi n'kudikira. Phunziro la kadzidzi ndinalichotsa, ngakhale ndikudziwa kuti masiku ano mwana aliyense wokhala ndi foni akhoza kulipeza yekha.

Mnyamata uja sindinamuchotse mu kalabu. Ndinamupatsa kope loti azilemba mbalame zimene taona, ndipo analisunga bwino mpaka Fomu 4. Pano ndi bambo wa ana ake. Tikakumana mumsika wa Zomba amandilonjera ndi manja awiri, kenako n'kufunsa motsitsa mawu, "Aphunzitsi, kasipika kaja kalipobe?" Ndimamuyankha kuti kalipo, koma sikabwerekedwa.