Wachibwibwi pa Mpando wa Mwinimbumba

Ndine wachibwibwi chibadwire. Kupulayimale ndinkabisala kumbuyo kwa anzanga aphunzitsi akamafuna woti awerenge, ndipo nditakula ndinasankha ntchito yosalira pakamwa, ya utelala. Makina anga a Singer ali pakhonde la sitolo ina pa Dedza boma, ndipo kasitomala akabwera timamvana ndi tepi ndi choko basi. Zoyankhula zonse za kumudzi kwathu, cha ku Linthipe, zinali m'manja mwa achimwene anga. Iwo ndiwo anali mwinimbumba. Kwa ife Achewa mwana ndi wa kuchikazi, ndipo womuyimira pa ukwati, pa mlandu kapena pa maliro ndi atsibweni ake. Alongo athu atatu, ana awo ndi zidzukulu, onse maso anali pa achimwene.

Anatisiya mu Januwale 2024 atangodwala masiku anayi. Tsiku losesa, anthu atabalalika, amayi aakulu anandiitanira pamphasa nati, "Bambo, mbumbayi tsopano ndi yanu." Ndinafuna kukana. Mawu anakakamira pakhosi, ndikungoti ndi-ndi-ndi, ndipo amayi onse anaomba m'manja poganiza kuti ndavomera.

Udindowo unandipeza pa nyengo yoipa. Kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala, mtengo wa feteleza ndi sopo womwe utakwera. Kenako mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo mu Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 ali pa ngozi ya chilala. Foni ikalira, m'mimba munkatentha. Uyu wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, uyo ufa watha, winayo akukangana ndi mnansi za malire a dimba. Ndinayamba kuizimitsa foniyo masana, kumanama kuti moto watha. Tsiku lina ndinadula nsalu ya suti ya mwini wake mopereweza, chinthu chomwe sindinachitepo ngakhale ndili wophunzira, ndipo ndinaigula ndi ndalama zanga.

Mnzanga wina ananditengera ku mapemphero a usiku wonse kuti akandichotse mzimu wa mantha. Sindikunyoza ayi, alipo ambiri amene Mulungu amakumana nawo momwemo. Koma munthu wachibwibwi pakati pa anthu ofuula amangokhala ngati nkhuku yovumbwidwa. Ndinabwerako m'mawa mutu ukuwawa, mantha ali pomwepo.

Chimene ndinayamba kuchita pambuyo pake sichioneka ngati chinthu. Tambala woyamba akalira ndinkadzuka, n'kukhala pa mpando pabalaza osayatsa nyale, osanena kanthu. Ngakhale popemphera mumtima ndinkaona ngati ndikuchita chibwibwi, choncho ndinangosiya, n'kumangokhala duu pamaso pa Mulungu ngati mwana amene waswa mbale. Kukayamba kuyera ndinkatsegula Buku Lopatulika la malemu mayi, lomwe chikuto chake ndinachisokerera ndekha ndi chidutswa cha jinzi.

Eksodo 4 anandikwiyitsa. Mose akudandaula za kusatha kuyankhula kwake, ndipo Mulungu akumupatsa mbale wake Aroni kuti azimulankhulira. Ndinatseka bukulo. Aroni wanga ndinali naye zaka zonsezi, ndipo ndi amene tinakamuika kumanda. Kwa sabata yathunthu sindinawerengenso, koma kudzuka kokhako sindinasiye. Nditabwererako ndinagwera pa 1 Mafumu 19, pomwe Eliya, wothawa Yezebeli, ali kuphanga pa phiri la Horebu. Kukudutsa chimphepo, chivomezi ndi moto, koma Mulungu akubwera pambuyo pa zonsezo, mwakachetechete. Chinandigwira mtima n'chakuti Eliya sakuchotseredwa ntchito. Akufunsidwa chimene akuchita kuphangako, kenako akuuzidwa kuti abwerere njira yomwe anadzera. Tsiku lomwelo ndinayatsa foni.

Mlandu woyamba unabwera mu Epulo. Mwana wa achemwali anga aakulu anatulutsira panja zovala za mwamuna wake. Mkamwiniyo anali atagulitsa matumba awiri a chimanga chakale, omwe anali otsala okhawo, mkazi wake ali kumaliro. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ife uku, ankhoswe akuchimuna uko. Usiku wake ndinali nditaloweza mawu abwino kwambiri, ndi miyambi yomwe, monga ankachitira achimwene.

Nkhoswe ya kuchimuna itamaliza, maso onse anatembenukira kwa ine. Pakamwa panauma gwa. Zoloweza zija zinabalalika. Ndinamva achemwali akusuntha pamphasa chifukwa cha manyazi, mbuzi ikulira kuseri kwa nkhokwe. Ndiye ndinachita chokhacho chimene ndinali nditazolowera m'bandakucha monse muja: kukhala chete osathawa. Sindinapemphe chozizwitsa, ndinangoti mumtima, muli pano.

Kaya zinali mphindi zingati. Mnyamatayo, yemwe anabwera atakonzeka kukalipiridwa, analephera kupirira bata limenelo. Anayamba yekha, maso ali pansi, chala chikulemba m'dothi. Anatenga katapira kuti agule feteleza, chimanga chinapserera, ndipo mwini ndalama anamuopseza kuti adzasasula malata. Sanauze mkazi wake poopa kuoneka wolephera pamudzi wa eni. Achimwene akanakhalapo, ndi lilime lawo lakuthwa lija, ndikukayika ngati nkhani imeneyi ikanatuluka. Mulungu andikhululukire, sindikuwanena.

Ine ndinangofunsa funso limodzi, ndipo linanditengera nthawi kuti lituluke. "Ngo-ngo-ngongoleyo yatsala zingati, mwananga?" Palibe anaseka. Tinagwirizana kuti akuchimuna abweze thumba limodzi, ine ndithandize pa ngongoleyo, ndipo iye azibwera kukhonde kwanga Loweruka kudzasita ndi kusokerera mabatani mpaka tithane. Mkazi wake sananene kuti wakhululuka. Anangonyamuka, n'kutola zovala zija, n'kulowa nazo m'nyumba.

Chibwibwi sichinathe, ndipo foni ikalira usiku mtima umagundabe. Mwezi wamawa ndikaima pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali aang'ono, pamaso pa khamu la anthu ndi zokuzira mawu. Amayi aakulu anandifunsa ngati tipeze wina woti akandiyankhulire. Ndinawauza kuti ayi, angouza ophika kuti nsima asafulumire kuipakula.