Namzeze wa ku Nyika

Mlendo wokwera ku Nyika kuchokera ku Rumphi ayamba wadutsa m'thengo la mitengo yothithikana, m'mene mbalame zambiri zimadziwika ndi kulira kokha. Pofika pamwamba, pa mamita oposa 2,000, mitengo imachepa, ndipo maso aona udzu ndi mitambo basi. M'dera lotetezedwali muli mitundu ya mbalame yoposa 400.

Wotsogolera alendo amaimitsa galimoto m'mbali mwa dambo, nawapempha onse akhale chete. Wopirira ndiye amaona namzeze wobiriwira modera, wa mchira wautali, akuuluka mopsepsa udzu. Mbalameyi imafika mvula ikayandikira, nimanga chisa chadothi m'maenje a pansi. Itaswa ana, cha mu April imanyamuka ulendo wa ku Uganda ndi Kenya, kufupi ndi nyanja ya Victoria.

Anamzeze otere atsala ochepa mu Africa, pakuti mapiri ambiri audzu analimidwa kapena kubzalidwa paini. Makolo, mwana wophunzira kupenya mbalame modekha sathamangira legeni. Yambani naye pa mtengo wa pakhomo panu.