Tsiku Limodzi pa Chiboliboli cha Ufulu

Minibasi zoyamba zochokera ku Mandevu ndi ku Chaisa zimadutsa pa Emmasdale kusanache, mizikiti ya kumeneko itangoitana anthu ku swala ya m'bandakucha. Zimatsika ndi Great North Road zitapanikiza amayi a mabeseni a vitumbuwa ndi anyamata opukuta nsapato. Akatsika m'tauni, ena amawoloka mlatho wa pamwamba pa njanji n'kulowa mu Independence Avenue, ndipo dzuwa likamatuluka amakhala atayala kale malonda chapafupi ndi munthu wachitsulo amene wakweza manja, maunyolo oduka akulendewera m'mikono mwake.

Lusaka ndi mzinda wa dzulodzulo. Unayamba ngati poimira sitima mu 1905, n'kusanduka likulu mu 1935. Amene anafikako ku Ilha de Moçambique amasimba za katchalitchi ka Apwitikizi ka Nossa Senhora de Baluarte, kamene kaima m'mbali mwa nyanja kuyambira 1522, ndi za linga la São Sebastião. Ife tilibe miyala yokalamba choncho. Tchalitchi chathu chachikulu cha Holy Cross, chapamtunda paja, chinatsegulidwa mu 1962, ndipo chiboliboli ichi n'cha 1974, pamene dziko linkakwanitsa zaka 10 likudzilamulira. Komatu za kunyanja zija anamanga ndi obwera, kuti mizinga yawo iyang'ane njira ya zombo. Ichi n'chathu, ndipo amene chimawakumbutsa ndi agogo athu enieni.

Cha m'ma 7 koloko msewu umadzaza. Ogwira ntchito m'boma amathamangira ku Government Complex, mafayilo m'khwapa. Ogula katundu wa pikulitsa amatsetserekera ku masitolo a amwenye a ku Kamwala. Palibe amene amakweza maso. Mu Okutobala maluwa a jakaranda amakhala atayamba kuyoyoka, ndipo kutentha kumayamba m'mawa momwe.

Amene amandiimitsa nthawi zonse ndi mkulu wina wojambula zithunzi. Tsitsi lake ndi la imvi, kamera ili pakhosi, jekete savula ngakhale dzuwa liswe mtengo. M'chikwama amasunga alubamu ya zithunzi zakale: akwati a madiresi otukumuka, ana ovala yunifolomu yatsopano, anyamata a mikanjo ya ku yunivesite, onse ataima pamalo amodzimodzi. Akaona mayi ali ndi mwana amayandikira mwaulemu, chipewa m'manja.

"Amai, kachithunzi kamodzi ndi mwana? Akakula adzakuyamikani."

Ambiri amangomuonetsa foni n'kupitirira. Mafoni anamulanda msika, ndipo sabisa. Koma wina akavomera, ntchito yake sathamangira. Amamuimika munthu pamene dzuwa silimuthobwa m'maso, amamukonza kolala, amagwada bondo limodzi kuti chiboliboli chonse chilowe, kenako amamuuza kuti akweze manja. Aliyense amakweza. Ndaonapo agogo oyendera ndodo akupatsira mdzukulu ndodoyo kuti manja onse awiri apite m'mwamba. Pamene chithunzi chikutuluka m'kamakina kake ka batire, mkuluyu amayamba kusimba.

Amasimba za Zanco Mpundu Mutembo, mnyamata wa ku Mbala wa chipani cha UNIP, amene anthu amati ndiye anadula maunyolo pamaso pa asilikali a atsamunda atamuopseza kuti akalephera amuwombera. Amatchula James Butler, mmisiri wa ku England amene anaumba chibolibolichi. Akaona kuti womvera ali ndi chidwi, amabwerera ku 1961, nthawi ya Cha Cha Cha, pamene anthu a kumpoto ankagumula milatho ndi kutseka misewu ndi mitengo, n'kufunsa ngati munthuyo anayamba waganizapo chifukwa chake msewu wina m'tauni uli ndi dzina limeneli. Amatchulanso Mama Julia Chikamoneka, amene anavula malaya pamaso pa nduna ya ku Britain mu 1960, ndi kanyumba nambala 394 ka ku Chilenje komwe Kenneth Kaunda ankakhala. Ana a sukulu obwera kudzaona Lusaka National Museum, imene inatsegulidwa kumbuyo kwa chibolibolichi mu 1996, amamuzungulira mpaka aphunzitsi awo kuyamba kuomba m'manja kuti alowe pamzere. Kwa zaka zambiri ana amenewa akhala akugwira chithunzi cha munthu wachitsuloyu kumbuyo kwa ndalama ya kwacha osadziwa kuti ndi ndani. Palibe amene amamulipira mkuluyu pa maphunziro amenewa. Ndalama yake ndi ya chithunzi basi, ndipo nayonso anthu amanenerera.

Masana mulibe nkhani. Dzuwa limalasa paliwombo, aliyense amathawira pamthunzi, amayi a nsima amatsegula mapoto, ogulitsa madzi ozizira ndi munkoyo ndiwo amaseka.

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Akuluakulu a boma amakumbukira malo ano pa masiku a zikondwerero okha, monga pa 25 Meyi ndi pa 24 Okutobala. Masiku amenewo akayandikira, penti imapezeka, udzu umatchetchedwa, ogulitsa ndi ojambula zithunzi amauzidwa kuti asunthe. Nkhata za maluwa zimaikidwa, bandi ya asilikali imaliza malipenga, magalimoto akuda amanyamuka. M'mawa mwake amene amatola mapepala ouluzika ndi kuthamangitsa ana okwera pamwala ndi ojambula zithunzi omwe aja anakankhidwira kutali dzulo lake. Bwanji osawapatsa ngakhale kabenchi ndi kadenga? Bwanji osawazindikira kuti ndiwo olondera ndi aphunzitsi a pano? Kumtunda kwa msewu womwewu, ku Embassy Park, manda a Levy Mwanawasa, Frederick Chiluba, Michael Sata, Kaunda ndi Rupiah Banda ali mumpanda wosamalidwa. N'koyenera kutero. Koma chiboliboli ichi ndi cha anthu amene maina awo sanalembedwe pamwala uliwonse, ndipo chisamaliro chake chagwera anthu a mtundu womwewo.

Ikamakwana 5 koloko maofesi amakhuthula anthu. Magalimoto amathithikana kuchokera pa raundabauti ya Kafue, makondakitala akukuwa Kabwata, Chilenje, Woodlands, akumenya zitseko ndi zikhato. Utsi wa chimanga chootcha umasakanikirana ndi wa dizilo. Apa m'pamene kuwala kumakomera kamera, ndiye mkulu uja amadzuka ndi mphamvu zatsopano. Banja lina latsika basi ya ku Chipata pa Intercity, zikwama zili pamutu, ndipo bambo wake akuloza chiboliboli ndi chala, akuuza ana kuti n'chomwe chija cha pa ndalama. Mkuluyu wawaona kale. Akudumpha ngalande, chipewa m'manja, akuitana: "Atate, mwafika bwino? Tulani katundu apa, ana aime kutsogolo!"