Ndiwo Zosapita Pamoto

Kwathu ndi ku Mulanje, m'mudzi wina umene uli patsinde pa phiri, kufupi ndi minda ya tiyi. Kuseri kwa nyumba ya agogo anga kudali mtengo waukulu wa mapeyala. Chaka ndi chaka, nyengo ya mvula, mtengowo unkabereka kwambiri kotero kuti nthambi zina tinkachita kuzichirikiza ndi mphanda. Ife ana tinkadziŵa njira imodzi yokha yodyera zipatsozi. Tinkadula peyala pakati, nkuthiramo shuga ngati alipo, kenaka nkumakomba ndi supuni. Padalibe ndi mmodzi yemwe amene ankaganiza kuti peyala lingakhale ndiwo.

Chaka chimene ndidali mu Sitandade 5, agogo adadwala malungo. Adagonekedwa m'chipatala sabata imodzi, ndipo atalandira mankhwala, malungowo adatha. Koma atabwerera kumudzi sankafuna kudya. Amai akaphika nsima ya nkhwani wotendera, agogo ankangodya mbamu imodzi nkukankha mbale. Akaphika phala, ankati m'kamwa mukuŵaŵa. Nyama sakadatha kutafuna popeza mano adali atatha, ndiponso ndalama zogulira nyamayo padalibe. Udali mwezi wa Febuluwale, chimanga cha m'nkhokwe chitatha, cha m'munda chisanakhwime.

Potuluka m'chipatala muja, namwino adaŵauza amai kuti, "Mankhwala agwira ntchito yake. Koma agogoŵa akapanda kudya, mphamvu sizibwerera m'thupi." Mau ameneŵa sankachoka m'mutu mwanga. Agogo ankavala chigwinjiri chimene kale chinkathina pamkono pao. Tsopano akakweza dzanja, chigwinjiricho chinkatsetsereka mpaka pachigongono.

Amalume atamva za matendaŵa adabwera kudzazonda. Iwo ankagwira ntchito yophika ku Johannesburg, m'nyumba ina yodyeramo imene inkagulitsa zakudya za ku Mexico. Atalonjerana ndi agogo ndi kumva madandaulo onse, adatuluka panja nayang'ana mtengo uja.

"Achemwali," adatero amalume, "mukuti ndiwo zasoŵa pakhomo pano, chonsecho ndiwo zili lendelende pamwamba pa mitu yanu?"

Amai adaseka koyamba m'masiku ambiri. "Achimwene, kodi ku Joni kumene mudapitako anthu amadyera nsima zipatso?"

Amalume sadayankhe. Adangondiitana nandiuza kuti ndikwere mumtengo. Ine ndidakwera, nkuyamba kudina peyala lililonse ndi chala. Onse adali gwa ngati miyala.

"Palibe lakupsa, amalume!" ndidafuula.

"Ngakhale udikire mwezi wathunthu sulipeza, mphwanga," adayankha. "Peyala limakhwima lili mumtengo, koma limafeŵa likathyoledwa. Sankha aakulu amene khungu lake lasiya kunyezimira. Uthyole ndi kamphuno kake komwe, ndipo usaponye pansi."

Ndidathyola mapeyala asanu ndi limodzi. Amalume adaŵaika m'dengu pamodzi ndi nthochi zakupsa, navundikira ndi chiguduli. Adafotokoza kuti nthochi zakupsa zimatulutsa mpweya wosaoneka umene umafulumizitsa zipatso zina kupsa. Nditakula ndidaphunzira kuti mpweya umenewu umatchedwa ethylene, ndiponso kuti peyala lothyola limautulutsa lokha.

Madzulo, tikuotha moto, amalume adatisimbira mbiri ya chipatsochi. Adati kwao kwenikweni kwa mapeyala ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nako, kutsidya kwa nyanja yamchere ya Atlantic. Pamene Asipanya, motsogozedwa ndi Hernán Cortés, ankafika ku Mexico m'chaka cha 1519, adapeza anthu a mtundu wa Aztec akudya kale mapeyala. M'chinenero chao peyala ankalitchula kuti ahuacatl. Ankakanya mapeyala nkupanga ndiwo zotchedwa ahuacamolli, zimene lero zimadziŵika pa dziko lonse ndi dzina lakuti guacamole. Mau akuti salsa ndi a Chisipanya, ndipo amatanthauza msuzi. Anthu a ku Mexico amadyera salsa ndi timikate topyapyala ta ufa wa chimanga, totchedwa tortilla. Mpaka lero dziko la Mexico ndilo limalima mapeyala ochuluka kuposa dziko lina lililonse.

"Matimati, tsabola ndi chimanga chimene timadalirachi, zonsezi zidachokeranso ku maiko a ku America," adatero amalume. Ine ndidadabwa kwambiri, chifukwa ndinkayesa kuti chimanga chidayambira m'munda mwa makolo athu.

Tsiku lachinai mapeyala aŵiri adafeŵa. Amalume adanditenga kupita nane kukhitchini. Poyamba adandiuza kuti ndisambe m'manja ndi sopo.

"Ndiwo izi sizipita pamoto," adatero. "Moto umapha tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba, koma lero moto sutithandiza. Chotero mpeni, mbale ndi matimati, zonse zitsukidwe ndi madzi oŵiritsa."

Pamphasa adayalapo mapeyala aŵiri aja, matimati atatu, anyezi mmodzi wamng'ono, ndimu imodzi, tsabola wa kambuzi mmodzi ndi mchere. Adayamba ndi anyezi. Adamduladula tinthu ting'onoting'ono, namuika m'mbale, nafinyirapo ndimu yonse ndi kuŵazapo mchere pang'ono. Adati anyezi akakhala kanthaŵi m'madzi a ndimu, ukali wake umachepa. Kenaka adadula matimati, nachotsa njere ndi madzi ake kuti ndiwo zisachite madzimadzi. Kambuzi uja adamdula pakati, nachotsa njere, natenga theka lokha.

Mapeyala ndiwo adali omaliza. Adazunguliza mpeni m'litali mwa peyala mpaka kukhudza njere, napotokola mbali ziŵirizo kufikira zidalekana. Njere adaichotsa ndi supuni. Adalemba mizere yopingasana m'mnofu, nakombera tizidutswato m'mbale muja. Potsiriza adasakaniza zonse pang'onopang'ono, ndipo gawo la agogo adalikanyako ndi supuni kuti lisavute kumeza.

Mbaleyo idali yokongola: zobiriŵira, zofiira ndi zoyera pamodzi. Agogo adayamba anunkhiza, kenaka adalaŵa ndi nsonga ya chala. Adatema nsima, nasunsa, nadya. Adatemanso. Tsiku limenelo adadya theka la mtanda wa nsima, ndipo amai adatulukira panja kuti tisaone misozi yao.

M'maŵa mwake amalume adayenera kubwerera ku ntchito, chifukwa masiku amene adapempha adali atatha. Ndidaŵaperekeza mpaka ku mseu, nditasenza chikwama chao. Basi isanafike adandigwira paphewa nati, "Amai ako ali ndi munda wosamala. Ntchito ya ndiwo za agogo ndakusiyira iwe. Kodi waona bwino zonse?"

"Inde, amalume, ndaona," ndidayankha monyada.

Koma kuona ndi kwina, kuchita ndi kwina. Tsiku lotsatira ndidafuna kuti amai akamabwera kumunda apeze zonse zili tayale. Ndidadzuka m'mamaŵa, nkudula mapeyala aŵiri amene adali atafeŵa usiku. Ndimu m'nyumba mudalibe, ndipo ndidachita ulesi kupita kudimba m'mame. Ndidaganiza kuti ndimu imodzi singasinthe kanthu. Kuti ndiwo zikomebe, ndidaikamo kambuzi aŵiri athunthu ndi njere zomwe. Ndidasiya mbale pathandala yosavundikira, nkuthamangira ku sukulu. Panjira ndidatikita diso ndi chala chosasamba, ndipo ndidafika m'kalasi misozi ili chuchuchu.

Poŵeruka ndidapeza amai akuphika nsima. Nditatenga mbale ija mtima udagunda. Ndiwo zimene ndidazisiya zobiriŵira zidali zitada ngati matope a m'dambo. M'malo mofunsa, ndidasakaniza msangamsanga kuti zakudazo zipite pansi, nkupita nazo kwa agogo.

Agogo adasunsa mbamu yaikulu, poganiza kuti ndi zonga za tsiku lija. Atangoika m'kamwa adayamba kutsokomola. Adatsokomola mpaka thukuta lidatuluka, amai akuŵasisita pamsana ndi kuŵamwetsa madzi. Tsiku limenelo agogo sadadye kanthu kena kalikonse. M'maŵa mwake adati, "Zinthu za ku Joni zija musandipatsenso."

Amai sadandimenye. Adangoti, "Mwanawe, safunsa adadya phula. Kodi mbale yosavundikira, yotera ntchentche, ndiyo ungapatse wodwala?" Ndikadakonda akadandimenya, chifukwa mau amenewo adandipweteka kuposa mkwapulo. M'dengu mudali mutatsala mapeyala aŵiri okha. Ndikadathyola ena, akadatenga masiku anai kapena asanu kuti afeŵe, ndipo agogo sakadatha kudikira masiku onsewo.

Usiku ndidagona ndikukumbukira zimene amalume adachita, chimodzichimodzi. Ndidazindikira chifukwa chake adadula mapeyala pomalizira, nsima ili pafupi kupsa. Mnofu wa peyala ukakhudzana ndi mpweya umada, monga imachitira nthochi yosenda. Madzi a ndimu amachedwetsa kudako, ndiponso ndiwo amene amadzutsa m'kamwa mwa munthu wodwala. Chimene ndidachiyesa chachabe ndicho chidali mwini ndiwo.

Loŵeruka kudalibe sukulu. Ndidapita kudimba kukathyola ndimu ndi matimati, nditaŵiritsa kale madzi. Amai atateleka mphika wa mbatata, ine ndidayala mphasa pakhonde, pafupi ndi pamene agogo ankaothera dzuŵa. Sindidanene kanthu kwa iwo. Ndidasamba m'manja iwo akuona, nkuyamba kudula anyezi. Kambuzi sindidaikemo konse. Nditafinya ndimu, fungo lake lidamveka pakhonde ponse. Agogo adatembenuka.

"Ukuchitanso chiyani, mdzukulu wanga?"

"Ndikukonza ndiwo zanga, agogo."

Mbatata zitapsa ndidadula peyala, nkusakaniza. Ndidatenga mbatata imodzi, nkuyamba kudya pang'onopang'ono, mtima uli phaphapha. Agogo adandiyang'ana nthaŵi yaitali.

"Kodi masiku ano ana mumadya nokha akulu akuona?" adafunsa.

"Mudakana, agogo."

"Ndidakana moto uja udandipatsa dzana. Tabwera nazo kuno, ndione ngati wachenjera."

Ndidagwada nkuŵapatsa mbale ndi manja aŵiri. Adalaŵa pang'ono, nakhala chete. Kenaka adapempha mbatata. Adadya ziŵiri, napukuta m'mbalemo ndi chala.

Tsiku lomwelo ndidakweranso mumtengo nkuthyola mapeyala ena. Kuyambira pamenepo ndinkathyola aŵiri tsiku lililonse kuti m'dengu musasoŵe lakupsa. Peyala si mankhwala a malungo ai. Koma lili ndi mafuta abwino ambiri opatsa mphamvu, pamene matimati ndi mandimu ali ndi vitamini C. Agogo atayamba kudya ndiwozi, adayambanso kufuna phala, nyemba ndi masamba. Pamene chimanga chinkakhwima, adali atayamba kuyenda ndi ndodo mpaka kumunda, ndipo chigwinjiri chija chidaleka kutsetsereka.

Njere ya peyala la Loŵeruka lija ndidaibzala kumapeto kwa bwalo. Mtengo wake udatenga zaka zambiri usanabereke, ndipo zipatso zake zidali zosiyana ndi za mtengo wa agogo. Alangizi a zaulimi amati mtengo wobzala kuchokera ku njere sufanana kwenikweni ndi mai wake. Nchifukwa chake alimi amalumikiza kanthambi ka mtengo wabwino pa mbande, ndipo mtengo wolumikiza umabereka msanga, patapita zaka zitatu kapena zinai. Mapeyala otchuka a mtundu wa Hass, a khungu lokhakhala limene limada likapsa, onse adachokera ku mtengo umodzi. Mtengowo adaubzala ndi Rudolph Hass, munthu wogaŵa makalata ku California, m'chaka cha 1926, ndipo mu 1935 adalembetsa mtunduwo ku boma m'dzina lake.

Mtengo wanga ulibe dzina lotchuka. Agogo adaulaŵa chipatso chake choyamba asanatisiye, nati nchokoma koma chochepa mafuta. Lero ndikamadutsa pa msika wa Bvumbwe ndi kuona milu ya mapeyala, ndimagula aŵiri, ndimu imodzi ndi matimati atatu. Ndikafika kunyumba ndimaitana ana anga, ndipo ndisanaŵapatse mpeni ndimayamba ndaŵafunsa ngati asamba m'manja.

Mafunso

1. Nchifukwa chiyani banja la wolemba nkhaniyi lidali ndi nkhaŵa agogo atatuluka m'chipatala?
2. Kodi amalume adachita chiyani kuti mapeyala afeŵe msanga?
3. Tchulani zinthu zisanu ndi chimodzi zofunika pokonza ndiwo za mapeyala.
4. Fotokozani zolakwa zitatu zimene wolemba nkhaniyi adachita tsiku loyamba kukonza ndiwo yekha.
5. Kodi mwambi wakuti "Safunsa adadya phula" ukutiphunzitsa chiyani?
6. Lembani ndime imodzi yofotokoza mmene mumakonzera chakudya chimene mumachikonda kwanu.