Magomero Tisamangowadutsa

Abale anga a ku Chiradzulu, lero mtima wanga uli pa Magomero. Ku Scotland kuli katawuni kotchedwa Blantyre komwe David Livingstone anabadwira mu 1813, ndipo eni ake anasunga nyumba yomwe anabadwiramo kuti ana awo ndi alendo azikaona. Ife kuno tili ndi mbiri yolemera zedi, koma timangoipondaponda popita kumsika.

Pa Magomero pomwepa ndi pomwe Bishopu Charles Mackenzie anakhazikitsa mishoni mu 1861, ataperekezedwa ndi Livingstone yemweyo, ali ndi anthu amene anawamasula m'magoli a ukapolo. Chaka chisanathe, malungo anamutenga bishopuyo mu Januwale 1862. Patapita zaka, dera lonselo linasanduka esiteti ya banja la Bruce, mkamwini wa Livingstone. Apa ndiye pamandiwawa. Makolo athu, ambiri mwa iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ankalima thonje pa thangata kuti angopeza pomanga kanyumba. Akamanga tchalitchi cha udzu, akuluakulu a esitetiyo ankachitentha. Mkwiyo umenewu ndi umene unaphulika usiku wa pa 23 Januwale 1915, pamene anthu a John Chilembwe ochokera ku Mbombwe anapha manijala wa esitetiyo, William Jervis Livingstone.

Pa 15 Januwale chaka chilichonse timathamangira ku mishoni ya PIM ku Mbombwe kukakumbukira Chilembwe, ndipo n'zoyenera. Koma Magomero nawo ayenera kukumbukiridwa. Aphunzitsi, atengereni ana kumeneko. Inu achinyamata muli ndi mafoniwa, khalani pansi ndi agogo anu akadali moyo, muwafunse za thangata, mujambule mawu awo.