Nsapato za Bambo pa Ukwati wa Mng'ono Wathu

Ukwati wa mng'ono wathu unachitika Lamlungu, m'mwezi wa Okutobala, kwathu ku Ngala. Amene anayendapo pa msewu wa M5 kuchokera ku Dwangwa kulowera ku Nkhata Bay akudziwa m'mene kumatenthera nyengo imeneyi. Ikamakwana 10 koloko m'mawa, mchenga wa kunyanja umaotcha ngati phulusa la moto, ndipo ngakhale asodzi amaudutsa mothamanga.

Ife akulu ake awiri tinapatsidwa ntchito yoona zovala za amuna. Mkwati anasankha suti yakuda ya kolala yonyezimira, ija amaitcha tuxedo, malaya oyera ndi tayi yooneka ngati gulugufe. Telala anatilangiza kuti suti yotere ili ndi nsapato zakezake. Zikhale zakuda, zomanga ndi zingwe, zopanda zokongoletsa, zowala bwino, ndipo sokosi zikhale zakuda ndi zazitali kuti munthu akakhala pansi mwendo usaonekere. Zabulauni ayi. Tinasunga malangizo onsewa. Tinagula ku Lilongwe mapeya 6 ofanana, osongoka kutsogolo: a mkwati, a operekeza ake anayi, ndi a bambo athu.

Za bambozo tinagula pongofunsa pafoni.

"Bambo, kodi mumavala nambala chani?"

"Eyiti kapena naini. Gulani zimene mwapeza, ana anga, musadzivute."

M'sitolomo munatsala nambala 8, ndipo tinatenga yomweyo.

Bambo athu akhala akupalasa bwato ndi kukoka makoka kwa zaka zoposa 40. Mapazi awo ndi otambalala, zala zake n'zotalikirana, monga amakhalira mapazi a munthu amene wakulira pamchenga. Komanso papita zaka 6 chiwapezereni ndi matenda a shuga. Zimenezi sitinaiwale. Tinauza ophika kuti awakonzere ndiwo zamasamba ndi chambo chowotcha, ndiponso kuti patebulo pawo paikidwe madzi m'malo mwa zakumwa zotsekemera. Tinaganizira za m'mbale mwawo, koma za mapazi awo palibe anaganizako.

Tinafika kumudzi Lachisanu dzuwa litatsala pang'ono kulowa, ndipo katundu tinangomuika pakona kuti tilandire Sabata. Nsapato zinayesedwa Loweruka usiku. Bambo anazivala atakhala pampando, n'kuimirira, n'kuyenda kufika pachitseko.

"Kodi sizikukuthinani?" tinawafunsa.

"Iyayi, sindikumva kanthu."

Tinasangalala ndi yankho limeneli. Sitinadziwe kuti ndilo linayenera kutiopsa.

Tsiku la ukwati linali lalitali. Bambo anayenda wapansi kupita kutchalitchi, anaimirira nthawi yaitali polandira alendo, anatsikira kunyanja kukajambulitsa zithunzi, ndipo pa perekaniperekani ankangonyamuka gulu lililonse likaitanidwa. Anthu anawayamikira kuti atchena kuposa mkwati. Anavala nsapatozo kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka kutada.

Usiku amayi anatiitanira kuchipinda. "Tabwerani mudzaone phazi la bambo anu." Sokosi inali itakanirira pakhungu. Pa kachala kakang'ono ka phazi lamanja panali thuza lalikulu lophulika, kuchidendene kunali kutasupuka, ndipo m'nsapatomo tinakhuthulamo mchenga ndi kamwala. Bambo anayang'ana balalo modabwa ngati ndi la munthu wina. Tsiku lonselo sanamve kuwawa.

Kuchipatala anatifotokozera zimene tinayenera kuzidziwa kale. Shuga akakhala wokwera kwa zaka zambiri amawononga mitsempha yomvera ululu, makamaka ya kumapazi. Munthu amayamba kumva dzanzi kapena kutentha, kenako phazi limasiya kumva. Ululu ndi mlonda amene Mulungu anaika m'thupi. Kwa ife, nsapato ikathina timatsimphina, mwina n'kuivula. Kwa bambo mlondayo anali atagona. Matenda omwewa amachepetsanso kayendedwe ka magazi, choncho bala limachedwa kupola ndipo limalowa tizilombo mosavuta. Anthu ambiri amene anadulidwa chala kapena mwendo chifukwa cha shuga anayamba ndi kabala kakang'ono ngati kameneka.

Bala la bambo linatenga masabata 9 kuti litsekeke. Nthawi yonseyi sanaponde m'madzi, ndipo bwato lawo linangokhala pamtunda anzawo akupha usipa. Ndalama zoyendera kukatsukitsa bala zinaposa mtengo wa nsapatozo kangapo. Tikuthokoza Ambuye kuti chala chija chilipo, koma panali sabata imodzi imene achipatala sanatilonjeze kanthu.

Sitikunena kuti kutchena pa ukwati n'kulakwa. Ukwati ndi wopatulika ndipo ndi bwino kuulemekeza ndi zovala zoyenera. Cholakwa chathu chinali chakuti tinayamba ndi suti n'kumalizira phazi. Phazi limodzi lili ndi mafupa 26, ndipo palibe limene linaumbidwa losongoka kutsogolo. Nsapato zakuda, zowala, zogwirizana ndi tuxedo, zimapezekanso zotakata kumaso. Pachithunzi palibe akanaona kusiyana kwake.

Lero wachibale akamakonzekera ukwati timamuuza zimene tinaphunzira mochedwa. Nsapato asagulire munthu pafoni; mwini wake apite akayese yekha. Ayese masana kapena madzulo, chifukwa mapazi amatupako tsiku likamapita. Ayese zonse ziwiri ataimirira, atavala sokosi zimene adzavale pa tsikulo, ndipo pakati pa chala chachitali ndi kumapeto kwa nsapato patsale mpata wokwana chala chachikulu cha kudzanja. Ngati mwini wake sangathe kupita, aponde papepala, mujambule phazi lake, mukaike nsapatoyo pamwamba pa chojambulacho. Mzere wa phazi ukatulukira m'mbali, nsapatoyo ndi yaing'ono. Zigulidwe kudakali masabata angapo kuti azivala ola limodzi kapena awiri patsiku mpaka zifewe. Za pakaunjika zimene zam'kwana munthu zimaposa zatsopano zothina.

Kwa wodwala shuga pali zoonjezera. Asanavale, apise dzanja m'nsapato kufufuza miyala kapena msoko wokanda. Pa mwambo wautali, wina amutengere pambali masana, avule, muyang'ane mapazi, pakati pa zala pomwe. Mukaona kufiira, thuza kapena bala, musadikire kuti limuwawe, pitani naye kuchipatala.

Sabata la Mgonero litafika, bambo anali atachira. Pa mwambo wosambitsana mapazi, umene timautenga pa Yohane 13, ife tinazolowera kusankha anzathu a msinkhu wathu, bambo n'kumasambitsana ndi akuluakulu anzawo. Tsiku limenelo tinapempha kuti tiwasambitse ndife, wina atagwira beseni, wina thaulo. Tinaona chipsera pa kachala kaja, ming'alu ya kuchidendene ndi zikhadabo zokhuthala. Tachita mwambo umenewu miyezi itatu iliyonse kuyambira pamene tinabatizidwa, koma mapazi amene anatilera tinali tisanawagwirepo.

"Madziwa akuzizira kapena akutentha?" anatifunsa motsitsa mawu.

"Ndi ofunda chabe, bambo. Tawayesa kale ndi dzanja."

Nsapato zija tinapatsa mdzukulu wawo amene zinam'kwana. Bambo ali ndi zina zakuda, nambala 9, zotakata kumaso, zimene anakayesa okha ku Dwangwa. Madzulo alionse amayi amawayang'ana mapazi asanagone, ndipo tikaimba foni timayamba tafunsa zimenezo tisanafunse za nsomba.